Ngolo Imene Inapita Kukasungidwa

Panali munthu wina amene mudzi wonse unkamukonda, ndipo matenda ake anali omwewo. Dzina lake linali Lufeyo. Chibadwire sanakanganepo ndi munthu. Ukamuponda phazi, wopepesa ankakhala iyeyo. Anthu ankati Lufeyo ndi munthu wa Mulungu, ndipo iye ankamva, n'kumakondwera mumtima.

Lufeyo anali ndi mkulu wake, Gidiyoni. Gidiyoni sanali wolemera, koma anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka. Ngoloyo ndiyo inali munda wake. Ankanyamula njerwa za omanga nyumba, mchenga wa kumtsinje, chimanga cha anthu nthawi yokolola, ngakhale odwala opita kuchipatala. Chimene ngolo yabweretsa tsiku limenelo ndicho banja linkadya. Sukulu ya ana ake aakazi awiri, Mwatitha ndi mng'ono wake, inkachokeranso momwemo.

Mkazi wake, Nachisale, anali wa kutali, kuseri kwa mapiri. Anabwera pachitengwa, ndiko kuti anasiya kwawo n'kudzakhala kwa mwamuna. Anabereka pamudzipo, analira maliro a pamudzipo, anaphika pa maukwati awo mpaka maso kufiira ndi utsi. Koma kwa abale a mwamuna wake anakhalabe mlendo. Mukudziwa mmene timachitira ndi atengwa: timawakonda malinga ngati amene anawabweretsa akupuma.

Gidiyoni anadwala. Ataona kuti matendawo sakubwerera m'mbuyo, anachita chimene ambiri a ife timachiopa ngati kuti pepala limapha munthu. Analemba wilo pamaso pa mboni. Mawu ake anali ochepa: zanga zonse zikhale za mkazi wanga ndi ana anga. Ndipo anatchula Lufeyo kuti ndiye adzayang'anire chumacho mpaka chifike m'manja mwa eni ake.

Gidiyoni abale ake ankawadziwa bwino. Ankadziwa mlongo wawo wamkulu, Esinati, amene diso lake linkayeza ndiwo za m'mbale ya mnzake. Ankadziwa atsibweni awo, amene akabwereka nkhwangwa unkakaipeza ili ndi mpini watsopano ndi mwini watsopano. N'chifukwa chake anasankha Lufeyo, amene sanabepo ngakhale singano. Apa Gidiyoni anafunsa funso limodzi n'kuiwala lachiwiri. Anafunsa kuti ndani saba. Sanafunse kuti ndani amatha kunena kuti ayi.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Atamuika m'manda, Lufeyo anatenga wilo ija n'kupita nayo kuboma, chifukwa pa ntchito yongofuna miyendo sankazengereza. Kumeneko mayi wina wa kukhoti anamukhazika pansi n'kumufotokozera udindo wake. Anati ntchito yoyamba ya woyang'anira chuma cha masiye si kugawa, koma kulemba. Alembe chilichonse chimene malemu anasiya: cha m'nyumba, cha m'khola, cha kumunda, chimene chinabwerekedwa kwa anthu, ngakhale ngongole. Alembe pamaso pa mboni, mbonizo zisaine, ndipo pepalalo alibweretse. Chinthu chisachoke pakhomo chisanalembedwe.

"Bambo, wiloyi ikuti zonse," anatero mayiyo. "Koma khoti silidziwa kuti zonse za akulu anu ndi ziti. Otiuza ndinu. Chimene simulemba, ife kuno sitichiona."

Lufeyo anavomera. Pobwerera analowa m'golosale, anagula kope ndi cholembera.

Linafika tsiku lometa, pamene abale amasonkhana kutsiriza mwambo wa maliro. Amuna anakhala pamipando, amayi pamphasa. Nachisale anakhala pakhonde, mutu uli pansi monga amakhalira namfedwa, ana ake atamutsamira. Mwambo sunkamulola kuyankhula pagulu tsiku limenelo. Pakamwa pake anali Lufeyo.

Kumeta kutatha, anthu asanabalalike, Lufeyo anaimirira. Ananena mwaulemu zimene anauzidwa kuboma. Anapempha atsibweni ndi mkulu wina wa mpingo kuti akhale mboni. Kenako anatsegula kope n'kulunjika kukhola, poti anafuna kuyambira pa ng'ombe.

Kukholako sanafike.

"Lufeyo," anaitana Esinati, osakweza mawu. "Dothi la kumanda likadali kumapazi kwako. Wayamba kale kuwerenga?"

"Ndi lamulo, achemwali."

"Lamulo. Ife tinali kulira mchimwene wathu, iwe unali kugula kope. Kwathu kuno, wothamangira kuwerenga za wakufa ndi amene ankadikira kuti afe."

Mawu oti mfiti sanatuluke pakamwa pa munthu, koma aliyense anawamva. Atsibweni anatsokomola, n'kunena mofatsa kuti pachibale salemberana, kulemba n'kwa anthu osakhulupirirana. Ndani pano sadziwa za Gidiyoni? Ngolo ndi singano kuti ingatayike? Ng'ombe ndi nsabwe kuti ingabisale mumsoko? Anthu anang'ung'udza movomereza.

Lufeyo anayang'ana nkhope zimene zinkamumwetulira moyo wake wonse, ndipo anaziona zitauma. Anali asanazionepo zili choncho. Anayang'ananso pakhonde. Nachisale anali atadzutsa mutu. Maso ake ankapempha.

Lufeyo anatseka kope.

"Pepani, achemwali," anatero. "Pepani nonse. Tidzalemba mitima ikazizira."

Nkhope zija zinamasuka. Wina anamugwira paphewa, wina anamukokera mpando. Ine ndikukuuzani kuti ngolo inabedwa pa nthawi imeneyo, ngakhale inali ikadali pansi pa mtengo wa mango popanda woikhudza. Akale anati manyazi anapha lambe. Koma apa wochita manyazi anali wina, wofa nawo wina.

Tsono mumve bwino. Mukamva kuti analanda chuma cha masiye, mumaganiza za anthu obwera ndi zikwanje. Awa sanabwere choncho. Anabwera ndi odi, anakhala pansi, anafunsa mmene ana agonera.

Oyamba anali atsibweni. Anati mbava za ng'ombe zimanunkhiza khomo lopanda mwamuna, ndipo ng'ombezi zikapitiriza kugona pano sizichedwa kupita. "Ndikazisunge m'khola mwanga, Lufeyo mwana wanga. Ndikuchitira ana a malemuwa." Lufeyo anaona kuti mawuwo ndi anzeru. Anavomera.

Kenako kunabwera Yotamu, mwana wa Esinati, bambo wa banja lake kale. Anati ngolo yopanda ng'ombe ingoola ndi mvula, pamene kwawo kuli chisakasa chongokhala. "Ndikaisunge, amalume." Lufeyo anavomera. Wina anasunga njinga. Wina anasunga malata amene Gidiyoni anagula kuti adzafolere nyumba. Pulawo inapeza woisunga, mbuzi nazonso. Ngakhale jekete la malemu linapeza wolisunga, ndipo ankalisunga pathupi pake Lamulungu lililonse.

Aliyense anapempha kwa Lufeyo, ndipo aliyense anachoka akumuyamikira. Sindikudziwa ngati m'chinenero chathu muli mawu ena amene asaukitsa ana amasiye kuposa akuti "ndikasunge". Amamveka ngati chifundo. Wowakana ndiye amaoneka wamwano.

Masiku a chisoni atatha, Nachisale anapita kwa Lufeyo. Anagwada pakhomo monga mwa ulemu.

"Alamu, ndimati ndifunse. Zija munalemba?"

"Ndilemba, alamu. Zonse zili m'mutu mwangamu. Palibe chatayika, angotisungira."

"Mwatitha amatha kuyendetsa ngolo, ankayenda ndi bambo ake. Ikabwera tizidzidyetsa tokha, sitivutitsa munthu."

"Ibwera, alamu. Tingopirira pang'ono."

Ng'ombe zokha ndi zimene sizinamve nkhani ya kusungayi. Zikachoka kubusa madzulo zinkalunjika kukhola lawo lakale, n'kuima pachipata, Mwatitha n'kuzipatsa madeya. Mudzi wonse unkaona. Atsibweni anaona kuti zimenezi sizikuwakomera, ndipo anazitumiza kwa mwana wawo kutsidya la mtsinje, ati kumeneko kuli msipu wabwino. Zitabwerako, imodzi inali itasinthanitsidwa ndi ina, ndipo zonse ziwiri zinali ndi chizindikiro chatsopano kukhutu.

Yotamu naye anaona kuti ngolo yongokhala imachita dzimbiri. Anaipaka penti, anasintha matayala, anagwirizana ndi atsibweni za ng'ombe. Posakhalitsa anayamba kunyamula njerwa za anthu omwe aja amene Gidiyoni ankawanyamulira. Njira ya kumtsinje inkadutsa pakhomo pa Nachisale, choncho m'mawa uliwonse mayiyo ankamva kulira kwa ngoloyo akusesa pabwalo. Yotamu sankalephera kupereka moni. Anali mwana woleredwa bwino.

Chinthu chosungidwa chimamera mizu. Poyamba anthu ankati ngolo ya malemu. Kenako ankati ngolo ija ili kwa Yotamu. Pamapeto pake inangokhala ngolo ya Yotamu, ndipo palibe amene angakuuzeni tsiku limene dzina linasintha. Atsibweni anakumbukira mwadzidzidzi kuti ng'ombezo zinabadwa kwa ng'ombe yawo yaikazi, Gidiyoni anangobwereka. Esinati anakumbukira kuti matabwa a ngoloyo anagulidwa ndi fodya wa m'munda mwake. Anthu aja ankati ndani sadziwa za Gidiyoni ankadziwabe, koma tsopano ankadziwa zina.

Kwa Nachisale njala inalowa osagogoda. Anayamba maganyu m'minda ya anthu, ina mwa iyo yolimidwa ndi pulawo ya mwamuna wake. Mwatitha anasiya sukulu kuti azithandiza amayi ake. Mng'ono wake anapirira pang'ono, kenako nayenso anasiya. Mvula ikagwa ankatchera miphika m'nyumba, pamene malata awo ankawala padenga la msuweni wawo. Ndikafika apa mtima umandiwawa, chifukwa ana otere ndawaona ndi maso anga, ndipo inunso mwawaona.

Nanga Lufeyo? Musaganize kuti anali pamtendere. Ankadandaula zedi. Akapeza kachimanga ankawapatsako ana a mkulu wake. Kangapo konse ananyamuka kupita kwa Esinati atakonza mawu oti akanene. Akafika ankamupatsa mpando, ankamuthirira tiyi, ankamuuza kuti banja lino likuima chifukwa cha iye. Ankamwa tiyiyo, n'kutsanzika, mawu aja ali mkamwa. Mawa, ankatero. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ndipo kudandaula kwa munthu wabwino sikuphikidwa, ana sangadye.

Pomaliza Nachisale anatopa. Anamanga chitenje, anatenga Mwatitha, n'kupita kukhoti yekha. Mudzi utamva unagwira pakamwa. Ati taonani mtengwa wosayamika, tamusunga zaka zonsezi, lero akutitengera kwa anthu a boma.

Tsiku la mlandu, osunga aja anabwera atakwera ngolo yomweyo. Anamangirira ng'ombe pamtengo kunja kwa khoti, n'kulowa atavala bwino. Woweruza anawerenga wilo, kenako anaitana Lufeyo.

"Bambo, wiloyi ikuti zonse. Mndandanda wa katundu wa malemu uli kuti?"

"Sindinalembe, bwana."

"Simunauzidwe?"

"Ndinauzidwa, bwana. Ndinaopa kukhumudwitsa abale."

Pamenepo Lufeyo anachita chimene sanachitepo. Ananena zoona abale ake akumva. Anati ngolo ili panjayo ndi ya Gidiyoni, ng'ombe ndi za Gidiyoni, malata, njinga, pulawo, zonse. Anatchula chimodzichimodzi, osaiwala kanthu, chifukwa m'mutu mwake zinalimodi. Akanazinena choncho tsiku lometa, ali ndi cholembera m'manja, bwenzi fanizo lino kulibe.

Atsibweni analumbira kuti ng'ombe ndi zawo. Esinati analumbira. Yotamu analumbira. Wa malata analumbira kuti anagula yekha. Mawu a munthu mmodzi anaima moyang'anizana ndi a banja lonse. Anansi amene Nachisale anawapempha kuti adzachitire umboni sanaoneke. Wina anadwala mwendo, wina anali ndi maliro kuchipongozi, wina anati wakalamba sakumbukira. Musawadabwe. Mtengwa akhoza kupita, koma iwo adzakhalabe pamudzipo, akupala moto kwa Esinati, ndipo ngolo yonyamula chimanga chawo m'mudzimo ndi imodzi yokha. Mkulu wa mpingo uja anabwera, koma anati anapemphedwa kukhala mboni ya zolembedwa, ndipo popeza palibe chinalembedwa, palibe chimene anachitira umboni.

Woweruza anatembenukiranso kwa Lufeyo.

"Katunduyu anachoka pakhomo pa malemu ndi chilolezo cha ndani?"

"Changa, bwana."

"Munalemba kuti wapita kukasungidwa, ndiponso kwa ndani?"

"Ayi, bwana."

Woweruza anatuluka kukaona ngolo. Anaona penti watsopano, matayala atsopano, zizindikiro m'makutu a ng'ombe. Atabwerera anati mtima wake ukhoza kukayika, koma khoti silingalande munthu chinthu popanda umboni wogwirika. Munthu mmodzi yekha amene kulakwa kwake kunaonekera poyera anali woyang'anira chuma, amene anauzidwa ntchito yake n'kuisiya. Anamuchotsa paudindo, n'kumulamula kuti abweze zimene zinatayika m'manja mwake. Koma Lufeyo anali ndi khasu, nkhuku zingapo, ndi mbiri yabwino. Panalibe chobweza.

Nachisale anapatsidwa zonse, monga wilo inanenera. Zonse zimene zinapezeka pakhomo pa malemu: mphasa, miphika, mtondo, bedi, ndi nyumba yodontha yomangidwa pa malo a eni. Osunga aja anakwera ngolo kubwerera kumudzi. Lufeyo anabwerera wapansi.

Mlandu utatha, pamudzipo panamuipira Nachisale. Kuchitsime amayi ankasiya nkhani akamuona. Maganyu anasowa. Anaganiza zobwerera kwawo kuseri kwa mapiri ndi ana ake. Koma msewu wa galimoto unali kutali, ndipo bedi ndi mtondo sizisenzeka pamutu ulendo wotere.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Yotamu anafika ndi ngolo asanaitanidwe.

"Azakhali, ndamva kuti mukupita," anatero. "Ndikuperekezeni kumsewu. Kulipira ayi, ndinu athu."

Anthu amene anabwera kudzaonerera anayamikira. Ati mwana wa Esinati alibe mangawa, anamutengera kukhoti koma taonani akumunyamulira ulere. Nachisale anayang'ana katundu wake, anayang'ana ana ake, anayang'ana kutalika kwa njira. Kenako anaomba m'manja n'kunena kuti zikomo. Anathokoza chifukwa chokwezedwa ngolo ya mwamuna wake.

Katundu sanadzaze ngakhale theka la ngolo. Lufeyo anabwera akuzemba maso a anthu, anathandiza kukweza mtondo, kenako anaima pafupi ndi mlamu wake.

"Alamu, mundikhululukire," anatero motsitsa mawu. "Mulungu akudziwa, ine sindinatengepo kanthu."

"Ndikudziwa, alamu. Simunatenge ngakhale supuni." Nachisale anamanga bwino chitenje chake. "Awowa sindikuwadabwa. Malemu ankawadziwa, n'chifukwa chake sanawasiyire ana ake. Anasiyira inu."

Anakwera ndi mwana wamng'ono. Mwatitha anakana kukwera. Anayenda pambuyo, wapansi, m'fumbi la ngolo, mpaka kumsewu.

Tsono inu mwakhala panonu, ambiri mwa inu mudzasankhidwa tsiku lina chifukwa simuba. Musanyadire msanga. Akadzakusiyirani za wakufa, lembani tsiku lomwelo, pamaso pa onse, kuyambira ng'ombe mpaka chipande, ndipo wofuna kusunga asaine kuti akusunga cha ndani. Adzakunenani. Ena adzasiya kukupatsani moni. Alekeni atero, chifukwa mwano wa pamaliro umatha, koma njala ya mwana wamasiye imakula naye. Ndipo ngati mukudziwa kuti mtima wanu sungapirire nkhope youma ya mlongo wanu, kanani udindowo wodwalayo akadali moyo, kuti asankhe wina.